Kodi Mulungu ankadikira chiyani ku Siberia?

Nkhani yaifupi ya Leo Tolstoy yomwe tinapatsidwa m'kalasi ndi ya masamba ochepa kwambiri, moti munthu atha kuimaliza asanatsike minibasi. Inatuluka mu 1872, ndipo mutu wake ndi mwambi wa ku Russia wonena kuti Mulungu amachiona choonadi koma safulumira kuchiulula. Pa Chingerezi imadziwika kuti God Sees the Truth, But Waits. Aphunzitsi anati aliyense alembe zomwe watolapo, ndipo anzanga ambiri sanachedwe kupeza yankho, ati nkhaniyi ikuphunzitsa kukhululuka. Zoona, kukhululuka kulimo. Koma ine chomwe chinanditsamwitsa ndi mathero ake. Munthu wakhala m'ndende zaka 26 pa mlandu womwe sanapalamule, wopalamula weniweni waulula, kalata yomumasula yalembedwa, ndipo pomwe ikufika n'kuti mwiniwake atatsikira kale kulichete. Tolstoy akulekezera pomwepo, osaonjezerapo ngakhale liwu limodzi lotonthoza. Ndinakulira m'tchalitchi, ndimaimba kwaya, ndipo funso lomwe ndinatsala nalo ndi lija sitilifunsa mokweza kwathu: kodi Mulunguyo ankadikira chiyani?

Munthuyo ndi Ivan Dmitrich Aksionov, wamalonda wachinyamata wa mumzinda wa Vladimir. Anali ndi masitolo awiri ndi nyumba yakeyake, wanthabwala, wokonda kuimba. Ali mnyamata ankamwa, ndipo akaledzera ankasokosa, koma atakwatira anasiya, kupatula mwa apo ndi apo. Tsiku lina ananyamuka ulendo wa ku msika waukulu wa pachaka ku Nizhny Novgorod. Mkazi wake anamuletsa chifukwa analota mwamuna wakeyo atavula chipewa, mutu wonse uli mbuu ndi imvi. Iye anangoseka n'kupita. Pakati pa ulendo anakumana ndi wamalonda mnzake wa ku Ryazan, anamwa tiyi limodzi pa nyumba ina ya alendo, n'kugona m'zipinda zoyandikana. Aksionov analawirira kusanache pofuna kuyenda dzuwa lisanatenthe. Atayenda mtunda ndithu anaima kuti akavalo adye, iye n'kukhala pakhonde kumaliza gitala. Pomwepo ndi pomwe wapolisi ndi asilikali awiri anamupeza. Mnzake uja anali atapezeka atachekedwa pakhosi, ndalama zake zokwana ma ruble 20,000 zitasowa. Posecha katundu wa Aksionov anapeza mpeni wamagazi m'chikwama.

Taonani mmene zinthu zosalakwika zikusandukira umboni. Kulawirira kwake kwakhala kuthawa. Kunjenjemera kwake ndi kuchita chibwibwi ataona mpeni, zomwe aliyense wa ife akanachita, zakhala nkhope ya munthu wolakwa. Apolisi atafunsa ku Vladimir, anthu ananena zoona zokhazokha, kuti kale ankamwa ndi kutaya nthawi koma anali munthu wabwino, ndipo chomwe chinamveka bwino ndi theka loyambalo. Palibe mboni yomwe inanama. Palibe woweruza yemwe analandira chiphuphu. Aliyense anagwira ntchito yake monga amaigwirira masiku onse, ndipo munthu wosalakwa anakwapulidwa ndi chikoti, mabala atapola n'kutumizidwa ku Siberia kukagwira ukaidi wa kalavulagaga.

Munthu yemwe ndimamumvera chisoni kwambiri m'nkhani yonseyi ndi mkazi wa Aksionov, yemwe Tolstoy sanamupatse n'dzina lomwe. Ana anali aang'onoang'ono, wina wa kubere. Ndalama ndi katundu yemwe mwamuna wake ananyamula zinali zitalandidwa. Anatenga ana onse n'kupita ku tauni komwe mwamunayo anatsekeredwa, anamukaniza kulowa, anachonderera mpaka anamulola, ndipo ataona mwamuna wake ali m'zovala za akaidi ndi m'maunyolo anakomoka. Aksionov atanena kuti alembe kalata yodandaula kwa Tsar, mfumu yaikulu ya dzikolo, zinapezeka kuti mkaziyo anali atalemba kale koma sinalandiridwe. Kenaka, akumusisita tsitsi, anamufunsa ngati sanali iye amene anapha. Aksionov anabisa nkhope m'manja n'kulira, msilikali anabwera kudzati nthawi yakwana, ndipo sanadzaonanenso. Anzanga m'kalasi anamuda mayi ameneyu, ati mkazi weniweni sakayikira mwamuna wake. Ine ndikuti mayiyu ndi yekhayo amene anafunsa Aksionov moyembekezera kumva yankho. Wapolisi anafunsa atagamula kale. Mkazi anafunsa chifukwa mpeni unapezekadi m'chikwama, ndipo iye ndi amene ankayenera kubwerera ku Vladimir kukakhala pakati pa anthu olozerana zala, ana ali m'manja. Akanamva mwamuna wake akukana pamaso pake, bwenzi atanyamula mawu amenewo moyo wake wonse. Sanawamve. Anangomva kulira.

Kuchokera tsiku limenelo Aksionov anatsimikiza mumtima kuti choonadi amachidziwa ndi Mulungu yekha, ndipo ndi kwa Iye yekha komwe munthu angayembekezere chifundo. Anasiya kulemba makalata a apilo, anataya chiyembekezo, n'kumangopemphera. Owerenga ambiri amati apa ndi pomwe chikhulupiriro chake chinabadwira. Kwa ine chikuoneka ngati chilonda chomwe chavala zovala za chikhulupiriro. Munthu wapwetekedwa ndi funso la mkazi wake, watseka chitseko kwa anthu onse, ndipo dzina la Mulungu ndi lomwe watsekera. Ndikudziwa kuti kwathu timati ingozisiyani m'manja mwa Mulungu, ndipo nthawi zina palibedi china choti munthu n'kuchita. Komabe Yesu mwini, pa Luka 18, anafotokoza fanizo la mayi wamasiye yemwe ankapitapita kwa woweruza wosaopa Mulungu mpaka woweruzayo anatopa naye n'kumuweruzira mlandu wake. Fanizolo likunena za kupemphera kosaleka, inde, koma chitsanzo chomwe anasankha ndi cha munthu wosowetsa mtendere akuluakulu a khoti. Aksionov anasiya kugogoda atakanidwa kamodzi kokha.

Zaka 26 Tolstoy akuzidutsa m'mizere yowerengeka. Tsitsi linachita imvi monga mkazi analotera, msana unapindika, kuseka kunatha. Anaphunzira kusoka nsapato, ndipo tindalama tomwe ankapeza anagulira buku la mbiri ya anthu oyera mtima. Lamulungu ankawerenga mawu ndi kuimba m'tchalitchi cha kundende, popeza mawu ake anali akadali abwino. Akaidi anzake ankamutchula kuti agogo, ena ankati munthu wa Mulungu. Akafuna kupempha kanthu kwa akuluakulu a ndende ankatuma iye, akakangana ankapita kwa iye kuti awaweruze. Munthu yemwe anasiya kudzidandaulira anakhala wodandaulira anzake. Pali kachiganizo kamodzi komwe kanandichititsa kuima: akuluakulu a ndende ankamukonda chifukwa cha kufatsa kwake. Nanga akanalekeranji kumukonda? Mkaidi wosadandaula, wokhazikitsa anzake pansi, woimba kwaya, ndende iliyonse ingamufune. Sindikunena kuti kufatsa kwakeko kunali kwachinyengo. Ndikungoti kuyera mtima komwe kumasangalatsa osunga makiyi n'kofunika kukuyang'ana kawiri.

Kenaka kunabwera gulu la akaidi atsopano, ndipo mmodzi mwa iwo anali Makar Semyonich, bambo wamtali, wamphamvu, wa zaka pafupifupi 60, wa ku Vladimir komweko. Anamangidwa chifukwa cha kavalo yemwe anamasula pa ngolo ya munthu, ndipo ankadzitama kuti ulendo uno amumanga popanda chifukwa, pomwe kale anachitapo choipa chenicheni osagwidwa. Aksionov atamufunsa za banja la Aksionov ku Vladimir, Makar anati ndi anthu olemera ngakhale bambo wao ali ku Siberia. Akaidi ena atafotokoza mlandu wa agogowo, Makar anadzimenya pabondo modabwa, ndipo pocheza anafunsa kuti munthu angaike bwanji mpeni m'chikwama chomwe mwiniwake watsamira kumutu. Za kutsamira chikwama palibe yemwe anali atazitchula. Aksionov anadziwiratu.

Usiku umenewo ndi womwe unandikhutiritsa kuti Tolstoy sankalemba ulaliki wamba. Agogo oyera mtima aja sanagone. Anaona mkazi wake monga analili tsiku lotsanzikana, anamva kuseka kwake, anaona ana ali aang'ono, anadziona yekha ali pakhonde ndi gitala. Anakumbukira pomwe anakwapulidwira, womukwapula, anthu oonerera, maunyolo. Anafika polakalaka kudzipha, ndipo mkwiyo wake pa Makar unakula mpaka kufuna kubwezera ngakhale iye mwini afere pomwepo. Anapemphera usiku wonse koma mtendere sunabwere, ndipo zinakhala choncho masabata awiri. Ndiye kuti zaka zonse zija za kuwerenga mbiri ya oyera mtima sizinachotse kanthu. Mkwiyo unalipo, unkangosowa nkhope yoti uyang'ane. Amene anaferedwapo kapena kulakwiridwa kwambiri akudziwa zimenezi: umayesa zinatha, mpaka tsiku lomwe mwakumanizana naye pamsika.

Usiku wina Aksionov anapeza Makar akukumba una pansi pa khoma. Dothi ankalibisa m'nsapato za jombo n'kumakalitaya panjira akaidi akamapita kuntchito. Makar anamuuza kuti akhale chete ndipo adzathawa limodzi, koma akaulula amupha. Aksionov, akunjenjemera ndi mkwiyo, anamuyankha kuti kuthawa sakufuna, ndipo kumupha n'kosafunika chifukwa anamupha kalekale. Mawa lake asilikali anaona dothi lija, una unapezeka, ndipo mkulu wa ndende anafunsa akaidi onse. Onse anakana, podziwa kuti wolakwayo akwapulidwa mwina mpaka kufa. Pamapeto mkuluyo anatembenukira kwa Aksionov, yemwe ankamudziwa kuti sanama. Makar anaima poteropo ngati sizikumukhudza. Milomo ndi manja a Aksionov zinanjenjemera, ndipo Tolstoy akutilowetsa m'maganizo ake: ndimubisirenji munthu amene anandionongera moyo, koma ndikanena amupha ndi chikoti, nanga ngati ndikumuganizira molakwa, ndipo ine ndipindulapo chiyani.

Ganizo lachitatulo ndi lomwe kwa ine lili pakatikati pa nkhani yonse. Umboni womwe Aksionov anali nawo wakuti Makar ndiye anapha unali wamphamvu, koma sunali wathunthu, monganso mpeni m'chikwama unali umboni wamphamvu koma wosakwanira. Zaka 26 m'mbuyomo panalibe ndi mmodzi yemwe mwa omugamula amene anadzifunsa kuti nanga ngati tikulakwitsa. Tsopano mphamvu ya moyo ndi imfa ya munthu yagwera m'manja mwa iye, ndipo akudzifunsa funso lomwe iye sanafunsiridwe. Panthawiyi n'kuti asanamukhululukire Makar. Mtima unali ukadali wowawa, Makar anali asanapepese, anali atangomuopseza kumene. Aksionov anachita chifundo mtima usanagwirizane nazo. Ku Sande sukulu tinkaphunzira ngati kuti kukhululuka kumayambira mumtima kenaka n'kuonekera m'zochita. Apa zayenda chobwerera, ndipo ndikuona kuti umu ndi mmene zimakhalira kwa anthu ambiri.

Yankho lomwe anapereka kwa mkulu wa ndende lili ndi mbiri yakeyake. M'buku lomwe tinawerenga, Aksionov akuti sanganene, Mulungu sakumulola kunena, amuchite chomwe akufuna. Koma mmene Tolstoy analembera poyamba, Aksionov ananena kuti sanaone ndipo sakudziwa. Ananama. M'ma 1880, pomwe nkhaniyi inkakonzedwa kuti isindikizidwe m'timabuku totsika mtengo ta anthu wamba, mnzake ndi wotsatira wake Vladimir Chertkov sanakondwe kuti munthu wolungama akunena bodza pa nthawi yofunika chonchi, ndipo Tolstoy anavomera kusintha. Ine ndikanakonda akanasiya momwe zinaliri. Yankho lachiwirili likuyeretsa Aksionov, koma likumuika Makar pangozi, chifukwa kunena kuti sindinganene n'kuvomera kuti ndikudziwa, ndipo mkulu wa ndende wouma mtima akanatha kufinya agogowo mpaka dzina lituluke. Yankho loyamba likumutengera Aksionov chinthu chokhacho chomwe anatsala nacho m'ndendemo, mbiri yake ya munthu wosanama, n'kuchipereka kuti mdani wake asafe. Baibulo lili ndi anthu otere. Anamwino a Chihebri, Sifira ndi Puwa, anamupusitsa Farao kuti ana aamuna asaphedwe, ndipo buku la Eksodo likuti Mulungu anawachitira zabwino. Nkhani yomwe mutu wake ukunena za choonadi inali yolimba mtima kwambiri pomwe munthu wake wolungama anali wokonzeka kudetsedwa pang'ono.

Usiku womwewo Makar anabwera pa bedi la Aksionov n'kuulula zonse: anapha wamalonda uja, ankafuna kupha Aksionov yemwe, koma atamva phokoso panja anabisa mpeni m'chikwama n'kutulukira pazenera. Anagwada, napempha chikhululukiro, nalonjeza kuti akaulula kwa akuluakulu kuti Aksionov amasulidwe. Chomwe ndimachikonda n'chakuti Aksionov sanafulumire. Anamuuza kuti kulankhula n'kosavuta, koma iye apita kuti, mkazi anamwalira, ana anamuiwala. Makar anamenyetsa mutu pansi akulira, nanena kuti chikoti chinali chopepuka kusiyana ndi kuyang'ana munthu yemwe anamuononga koma wamuchitira chifundo. Kulira kwa Makar n'komwe kunamuliza Aksionov. Anamuuza kuti Mulungu amukhululukira, ndipo mwina iye mwini ndi woipa kuposa Makar maulendo zana. Atangonena zimenezi mtima wake unapepuka, kulakalaka kwao kunamuchokera, ndipo ankangoyembekezera tsiku lake lomaliza.

Mawu akuti ndi woipa kuposa Makar sindingawavomere ngati masamu. Wina anacheka munthu pakhosi, n'kusiyira mnzake mlandu, n'kukhala phee zaka 26. Winayo analawirira ulendo. Komabe ndikumvetsa chomwe chinamulankhulitsa choncho. M'masabata awiri aja anadziona yekha ali wokonzeka kupha, ndipo munthu amene wadziona choncho sathanso kuima pamwamba n'kumayang'ana wakupha ngati nyama ya mtundu wina. Kwa zaka zonse zija iye anali wosalakwa yekhayo pakati pa olakwa, ndipo kusalakwako kunali mpanda womulekanitsa ndi aliyense, ngakhale omwe ankamutchula agogo. Usiku umenewo mpandawo unagwa, amuna awiri okalamba n'kumalira limodzi. Zimenezi ndimazikhulupirira. Ndikukhulupirira kuti mtima wake unapepukadi.

Pomwe ndinasiyana ndi anzanga ndi pa zomwe anamanga pamwamba pa zimenezi. Mnzanga wina, mwana wa mkulu wa mpingo, anaima n'kunena kuti yankho la funso langa n'losavuta: Mulungu ankadikira kuti mtima wa Aksionov upse. Akanamasulidwa msanga akanabwerera ku masitolo ake ndi gitala wake osadziwa Mulungu, ndipo Makar sakanalapa. Anamaliza ndi mawu omwe agogo anga aakazi amawakondanso, akuti Mulungu sachedwa ndipo safulumira. Kalasi inaomba m'manja. Ine ndinafunsa za wamalonda wa ku Ryazan, yemwe nayenso alibe dzina m'nkhaniyi. Kodi iyeyo anachekedwa pakhosi kuti Aksionov akule mu uzimu? Nanga mkazi uja, yemwe anatsala yekha ndi ana osamva ngakhale yankho la funso lake? Nanga khanda lija lomwe linakula likutchedwa mwana wa chigawenga? Ngati Siberia inali sukulu ya moyo wa munthu mmodzi, fizi yake analipira ndi anthu ena omwe sanalembetse n'komwe, ndipo Mulungu wotolera fizi motero ine ndingamuope koma sindingamuimbire.

Anzake a Yobu nawonso anali ndi mayankho osalala. Anakhala naye chete masiku asanu ndi awiri, ndipo pamenepo anachita bwino. Atatsegula pakamwa kuti afotokoze chifukwa chomwe Yobu ankavutikira, anayamba kulakwa, ndipo kumapeto kwa bukulo Mulungu akudzudzula iwo, osati Yobu yemwe ankafuula ndi kufunsa. Yobuyo anabwezeredwa chuma chake kawiri. Yosefe, yemwe nayenso anamangidwa pa mlandu wabodza wa mkazi wa Potifara, anatuluka n'kukhala wachiwiri kwa Farao, ndipo anakumananso ndi bambo ake. Nkhani zimenezi ndi zomwe zinatiphunzitsa kuyembekezera kuti wosalakwa adzaona kumasulidwa kwake ndi maso ake. Tolstoy akutilanda zimenezo mwadala. Ndipo nditawerenganso ndinaona kuti m'nkhani yonseyi Mulungu sakulankhula paliponse, sakutuma mngelo, sakugwedeza ndende. Kuchedwa konse komwe tikukuona n'kwa anthu: wapolisi yemwe anakhutira ndi mpeni, ofesi yomwe inabweza kalata ya mkazi, Makar yemwe anasunga chinsinsi mpaka kukalamba, ndi makalata omwe anayenda pang'onopang'ono pomaliza. Kunena kuti Mulungu ndiye ankadikira kukuwachotsera anthu onsewa mlandu.

Tolstoy mwini ankaikonda kwambiri nkhaniyi. Anailembera buku lophunzitsira ana a alimi kuwerenga, ndipo m'buku lake la 1897 lofotokoza za luso, momwe anakana pafupifupi zonse zomwe analembapo, anati mwa zolemba zake ziwiri zokha ndi zomwe zingawerengedwe kuti ndi luso labwino, ndipo imodzi ndi iyi. Anali ataifotokozapo kale mu War and Peace, pomwe msilikali wamba Platon Karataev, ali mkaidi wa Afalansa, akuisimba kwa anzake pamoto usiku, nkhope yake ikuwala ndi chimwemwe. Mmene Karataev akuisimbira, mkulu wosalakwayo alibe mkwiyo. Wakuphayo akangomva nkhani yake akugwada, ndipo imfa yomwe yafika kalata isanafike ikuoneka ngati kumasulidwa kochokera kwa Mulungu. Mawa lake Karataev yemweyo, atalephera kuyenda chifukwa cha matenda, akuomberedwa ndi asilikali omulondera. Polemba kachiwiri mu 1872, Tolstoy anaonjezera una uja, kuopsezana kuja ndi masabata awiri a mkwiyo. Zikuoneka kuti iye mwini sanakhutire ndi munthu wovutika mosangalala.

Ndipo m'chaka chomwecho cha 1872 zinamuonekera pang'ono. Ng'ombe yamphongo ya pa munda wake ku Yasnaya Polyana inagunda m'busa mpaka kufa, ndipo wofufuza milandu analamula Tolstoy kuti asachoke pamudzipo mpaka nkhaniyo itatha. Sanamangidwe, sanakwapulidwe, ankagona pa bedi lake lomwe. Koma anapsa mtima kwambiri, analembera kalata wachibale wake wotumikira kunyumba yachifumu, Alexandra Tolstaya, kudandaula ndi kunena kuti asamukira ku England ndi banja lonse. Sindikumuseka. Ndikungoona kuti wolemba za kudekha kwa zaka 26 sanathe kupirira masabata ochepa, ndipo anadziwa pomwepo khomo loti agogode. Patapita zaka, m'buku lake la Resurrection la 1899, analembanso za munthu wotumizidwa ku Siberia molakwika, Katyusha Maslova, koma ulendo uno panali wina, Nekhlyudov, woyendayenda m'maofesi ndi makalata a apilo mpaka chilango chinachepetsedwa. Tolstoy wokalamba sanasiye makhoti m'manja mwa Mulungu. Anawaukira.

Nambala ya 26 inandikumbutsa munthu wa kwathu konkuno. Machipisa Munthali anamangidwa mu 1965 ndipo anatuluka mu 1992, patatha zaka 27, zambiri mwa izo akungosungidwa chilango chomwe khoti linamupatsa chitatha kale. Sanatuluke chifukwa womusunga analota maloto. Anatuluka m'chaka chomwe maepiskopi a Katolika anatulutsa kalata yao ya mu Malichi, anthu anayamba kulankhula poyera, ndipo maiko opereka thandizo anafinya boma. Atatuluka anapita kukhoti, ndipo boma linalamulidwa kumulipira chipepeso. Koma Orton Chirwa sanadikirike. Anamwalira m'ndende ya Zomba mu Okutobala chaka chomwecho, miyezi yochepa mkazi wake Vera asanamasulidwe. Amene amakhulupirira atha kunena kuti Mulungu anagwira ntchito kudzera mwa anthu amenewa, ndipo ine ndingavomereze. Koma ngati zili choncho, ndiye kuti zaka zomwe anthu anakhala chete ndi zomwenso timazitcha kudikira kwa Mulungu.

N'chifukwa chake munthu yemwe ndinamulembera kwambiri pa pepala langa ndi Makar. Tolstoy akunena kuti Makar sanamvere Aksionov, anapita ndithu kukaulula. Akanatha kuima pa chikhululukiro chomwe analandira usiku uja. Wolakwiridwa mwini anali atanena kuti alibe kopita ndipo safunanso kutuluka, mlandu wa kavalo unali wochepa poyerekeza ndi wa kupha munthu, ndipo palibe wina aliyense amene ankadziwa. Anthu ambiri opemphera amaimira pamenepo: ndinalapa, Mulungu anandikhululukira, zakale zisafukulidwe. Makar anaona kuti kukhululukidwa sikunathetse ngongole yake. Mlandu suola, ndipo uwu unali ndi eni ake ena kupatula amuna awiri olira mumdima aja.

Apa ndikuona kuti Aksionov ndiye analakwitsa, ngakhale ndikuchita manyazi kutsutsa munthu wovutika chotero. Anati ana anamuiwala, koma zimenezo sankazidziwa. Chomwe ankadziwa n'chakuti sanalandirepo uthenga wochokera kwao, ndipo iyenso sitikumva kuti anawalemberapo. Makar yemweyo anali atanena kuti a Aksionov alipo ku Vladimir, ndi anthu odziwika, ndipo tauni yonse ikudziwa komwe bambo wao ali. Anthu amenewo anali ndi ufulu womva kuti bambo wao sanaphe munthu, kaya bamboyo akufuna kubwerera kaya ayi. Ku Ryazan nakonso kunali banja lomwe kwa zaka 26 linkada munthu wolakwika. Mtendere womwe Aksionov anaupeza unali wake, ndipo palibe angamulande, koma sukanafika ku Vladimir kapena ku Ryazan popanda wina kuima pamaso pa mkulu wa ndende, kutchula dzina lake, ndi kulola kuti mlembi alembe zomwe anachita pa nyumba ya alendo ija.